Phunziro: Ndani Ali ndi Danga Lolankhula m'Nyumba ya Mulungu?

Ophunzira anga, lero tikambirana nkhani imene yagawanitsa mipingo yambiri kuno kwathu, kawirikawiri anthu asanasiyane n'komwe pa chiphunzitso. Akhristu akasonkhana kuti apembedze, kodi munthu wamba wokhala pa benchi ali ndi danga lotani lotulutsa zimene zili mumtima mwake? Kodi angayambitse nyimbo, kuvina, kulira, kuimba nthungululu, kupemphera mokweza, kupereka umboni kapena kulankhula malilime? Nanga ndani ali ndi mphamvu yomuuza kuti basi, takhalani pansi?

Pofika kumapeto ndikufuna mukhale mutagwira mfundo imodzi. Dongosolo la mapemphero lilipo kuti liteteze mawu a munthu wamng'ono kwa munthu wamphamvu. Likasiya ntchito imeneyi, kaya mpingowo ndi wachete kaya ndi waphokoso, ufulu wa opembedza watha.

Ufulu wa kunja ndi ufulu wa m'kati

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amakonda kuziphatikiza. Pali ufulu umene boma liyenera kuulemekeza, ndiye palinso danga limene mpingo umapatsa anthu ake. Malamulo aakulu oyendetsera dziko la Malawi, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, amateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo mu gawo 33, ndi ufulu wolankhula zakukhosi mu gawo 35. Makolo anu akudziwa kuti kale sizinali choncho. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967. Ambiri anamenyedwa, anawotcheredwa nyumba, nathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse. Inadzudzula kutsekera anthu m'ndende popanda kuwazenga mlandu, kusiyana kwakukulu kwa olemera ndi osauka, komanso mantha amene anatseka Amalawi pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anaitanidwa kupolisi ku Blantyre, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Koma mawu anali atatuluka kale, ndipo pa 14 June 1993 Amalawi anavota pa referendamu yobweretsa zipani zambiri. Musaiwale kuti mawu amene anagwedeza dziko lino anamvekera pa Misa.

Ngakhale zili choncho, gawo 35 silikupatsani mphamvu yolanda maikolofoni kwa mlaliki ali m'kati molalikira. Boma silingakuuzeni kapembedzedwe, komanso silingalamule mpingo wanu kuti ukupatseni mphindi khumi zolankhula Lamulungu. M'kati mwa tchalitchi nkhani imagamulidwa ndi Malemba, malamulo a mpingowo ndi nzeru za atsogoleri ake. Phunziro lathu lagona pamenepa.

Zimene Malemba akutionetsa

M'Chipangano Chakale tidutsamo mwachangu. Miriamu anatsogolera amayi ndi malingaka ndi magule Aisraeli atawoloka nyanja (Eksodo 15). Davide anavina mosadzisunga likasa likulowa mu Yerusalemu, mkazi wake Mikala namupeputsa poona mfumu ikudzitsitsa chotero (2 Samueli 6). Hana ku Silo anapemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera, wansembe Eli namuyesa woledzera (1 Samueli 1). Taonani: wovina ananyozedwa, wopemphera mwakachetechete anaganiziridwanso zoipa, ndipo onse awiri anali oona mtima pamaso pa Mulungu. Woweruza kapembedzedwe ka mnzake ndi maso okha amaphonya mosavuta, ngakhale atakhala wansembe.

M'sunagoge namonso munali danga. Ku Antiokeya wa ku Pisidiya, atatha kuwerenga Malemba, akulu a sunagoge anapempha Paulo ndi Barnaba, amene anali alendo, kuti ngati ali ndi mawu olimbikitsa anthu awanene (Machitidwe 13).

Tsopano tsegulani 1 Akorinto 14, pakuti apa tikhalitsapo. Korinto unali mzinda wamalonda wa ku Greece, wokhala ndi madoko awiri, wodzaza ndi anthu a mitundu ndi zilankhulo zosiyanasiyana. Paulo anakhalako chaka ndi theka, ndipo patapita zaka zochepa anawalembera kalatayi ali ku Efeso. Akhristu a kumeneko ankasonkhana m'nyumba za anthu. Ndime 26 ikutionetsa mmene msonkhano wawo unkakhalira: munthu sankabwera chimanjamanja. Uyu wabwera ndi nyimbo, uyo ndi phunziro, winayo ndi zimene Mulungu wamuululira, wina malilime, wina kumasulira kwake. Chinthu choyamba choti muchigwire n'chakuti Paulo sanathetse mwambo umenewu. Akanatha kunena kuti kuyambira lero azilankhula mtsogoleri yekha, chisokonezo n'kutheratu tsiku lomwelo. Sanatero. Anasiya pakamwa pa anthu pali potsekula, nawapatsa miyeso.

Muyeso woyamba ndi phindu la mpingo wonse. Funso silakuti wolankhulayo akumva bwanji mumtima, koma ngati omvera akulimbikitsidwa. Wachiwiri ndi kumveka. Paulo, amene ankalankhula malilime kuposa onsewo, anati pamsonkhano angasankhe mawu asanu omveka m'malo mwa zikwi khumi osamveka (ndime 18 ndi 19). Anaganizira munthu wamba amene sangavomereze pemphero ndi Amen ngati sanalimve, anaganiziranso mlendo amene angalowe n'kuyesa kuti anthu apenga. Wachitatu ndi kusinthana: olankhula malilime akhale awiri, akachulukitsa atatu, mmodzimmodzi, ndipo pakhale womasulira, womasulira akasowa, munthuyo alankhule ndi Mulungu chamumtima. Aneneri nawonso awiri kapena atatu, otsalawo aziyesa zimene zanenedwa. Mawu a mneneri, malinga ndi Paulo, ndi oyenera kupimidwa ndi mpingo. Sakhala oona chifukwa chongoti wowanenayo wanjenjemera.

Ndime imene ine ndimaikonda kwambiri, imenenso sindiimva ikulalikidwa kawirikawiri, ndi ya 30. Munthu akulankhula, ndiye wina amene wakhala pansi walandira mawu. Ndani akhale chete? Paulo akuti woyambayo, amene waimirira, amene maso onse ali pa iye. Lamulo limeneli likumanga munthu amene ali ndi danga kale kuti apatse mpata amene alibe. Wina angati, Mzimu wandigwira, sindingathe kusiya. Ndime 32 yatseka khomo limenelo, pakuti ikuphunzitsa kuti mneneri ali ndi mphamvu yodziletsa. Ndipo pomaliza mutuwo Paulo akunena zinthu ziwiri motsatizana: malilime asaletsedwe, komanso zonse ziyende mwaulemu ndi mwadongosolo (ndime 39 ndi 40). Mipingo ina inatola ndime 39 n'kusiya 40, ina inatola 40 n'kusiya 39, chonsecho mwini wake anazilemba pamodzi.

Amene munakhalapo pa bwalo la mfumu mukumvetsa zimenezi. Nduna imapereka danga kwa mmodzimmodzi, imadudula wolongolola, imakhalitsa chete gulu. Ikapanda kutero, amene angamveke ndi amuna a mawu aakulu okha, mayi wamasiye n'kubwerera kwawo dandaulo lake lili kukhosi.

Sitingachoke m'mutu umenewu osakhudza ndime 34 ndi 35, zonena kuti akazi akhale chete mumpingo. Ndikupemphani muziwerenge pamodzi ndi 1 Akorinto 11:5, pamene Paulo yemweyo akukamba za mkazi amene akupemphera ndi kunenera pamsonkhano, nangolangiza za kavalidwe kake. Werenganinso Machitidwe 21:9, za ana aakazi anayi a Filipo amene ankanenera. Akatswiri a Baibulo amasiyana maganizo. Ena amati Paulo ankaletsa mafunso odula ulaliki pakati, ena amati ankanena za ntchito yoyesa maulosi, ndipo ena amakumbutsa kuti m'mipukutu ina yakale ndime ziwirizi zimapezeka kumapeto kwa mutuwo, pambuyo pa ndime 40. Mipingo nayo imasiyana: masinodi a Blantyre ndi Livingstonia a CCAP ali ndi abusa aakazi, pamene Katolika sadzoza akazi unsembe koma amayi amawerenga Malemba pa Misa ndi kutsogolera miphakati. Maganizo anga ndi awa: aliyense ali ndi ufulu wotsata chiphunzitso cha mpingo wake pa za udindo, koma palibe amene angawerenge mutu 14 moona mtima atafufuta mutu 11. Mpingo umene amayi amadzaza mabenchi, kusesa, kuphika pa maliro ndi kupereka chopereka, koma mawu awo n'kumamveka Lachinayi lokha ku Mvano kapena ku Chigwirizano, uyenera kudzifunsa mafunso.

Mmene pakamwa panatsekekera ndi kutsekukanso

Cha m'ma 150, Justin, Mkhristu wa ku Rome amene anadzaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro, analongosola mapemphero a Lamulungu a nthawi yake: kuwerenga Malemba, chilangizo cha wotsogolera, pemphero la onse ataimirira, kenako mkate ndi chikho. Wotsogolerayo ankayamika monga mwa kuthekera kwake, anthu n'kuvomera Amen. Dongosolo linali litakhazikika kale, koma mawu a pemphero anali asanamangidwe onse. M'zaka zomwezo ku Phrygia kunabuka Montanus ndi aneneri aakazi awiri, Prisca ndi Maximilla, amene ankanenera ngati ogwidwa ndi mphamvu. Maepiskopi anawakana, ndipo kuyambira pamenepo mpingo unayamba kuchita mantha ndi ulosi wa anthu wamba. Patapita zaka mazana angapo, kumadzulo kwa Ulaya Misa inkachitikabe m'Chilatini pamene anthu anali atasiya kuchilankhula. Wansembe ndi kwaya ankayankhana, khamu likungoonerera.

M'zaka za m'ma 1520 Martin Luther anabwezera anthu chilankhulo chawo: anayamba kumasulira Baibulo m'Chijeremani, napeka nyimbo zoti mpingo wonse uziimba. Koma okonzanso mpingo sanagwirizane pa zonse. Ku Zurich, Ulrich Zwingli, ngakhale anali katswiri woimba, anathetsa malimba m'tchalitchi. Ku Geneva, John Calvin analola makamaka Masalimo, oimbidwa ndi pakamwa pokha, popanda chida. Scotland inatsata Geneva. Mvetserani bwino apa, inu a mipingo ya Chipresibeteriya: limba linayamba kulowa m'matchalitchi a Church of Scotland m'zaka za m'ma 1860, anthu akukangana koopsa, ndipo Free Church of Scotland, imene inatumiza amishoni a Livingstonia mu 1875, inadzalola zida zoimbira mu 1883. Chida chimene akuluakulu ena lero amati ndiye chopatulika cha makolo chinali chachilendo ndi chokayikitsa pa nthawi imene Robert Laws, mmodzi wa amishoniwo, ankafika pa Cape Maclear.

Ena anayenda njira ina. A Quaker, otsatira George Fox ku England m'zaka za m'ma 1650, ankakhala chete pamodzi popanda mbusa, aliyense womva kuti wapatsidwa mawu n'kuimirira, mwamuna kapena mkazi. Mu 1906, ku Azusa Street mumzinda wa Los Angeles, William Seymour, mwana wa anthu amene anali akapolo, anatsogolera chitsitsimutso chimene anthu akuda ndi azungu ankapempherera limodzi, kulankhula malilime ndi kupereka maumboni. Mipingo yambiri ya Chipentekoste imaloza kumeneko ngati chiyambi chake. Pa 4 December 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha mwambo wa chipembedzo, Sacrosanctum Concilium. Chinalola zilankhulo za anthu, chinafuna kuti okhulupirira onse azitengapo mbali mokwanira, ndipo chinalamula kuti nyimbo za makolo za anthu a m'maiko a mishoni zilemekezedwe. Chikalata chomwecho chinaletsanso aliyense, ngakhale wansembe, kuwonjezera kapena kuchotsa kanthu pa mwambowo mwa iye yekha. Mu 1988 Rome inavomereza mwambo wa Misa wa ku Zaire, wokhala ndi kuvina ndi kutchula makolo.

Kwathu kuno

Amishoni a Livingstonia (1875), a Blantyre (1876) ndi a Dutch Reformed amene anayambira pa Mvera (1889) anatichitira zazikulu, ndipo Baibulo lathunthu la Chinyanja la 1922 ndi umboni wake. Koma ambiri a iwo ankaopa ng'oma. Ankaimva ku gule wamkulu, ku chinamwali ndi ku magule a mizimu, nagamula kuti siingalowe m'nyumba ya Mulungu. Nyimbo zinamasuliridwa kuchokera ku Ulaya pamodzi ndi maimbidwe ake. Vuto lake linali lakuti Chichewa chimatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa mawu, ndipo chili ndi kukwera ndi kutsika kwakekwake, pamene maimbidwe ambiri achizungu amagogomeza kumapeto kwa mzere. Anthu ankaimba mawu awoawo mopotoka kuti akwane m'nyimbo ya eni. Nyimbo zimenezi tinazizolowera, tinazikonda, tinaikira nazo makolo athu m'manda, ndipo sindikufuna wina azinyoze. Ndikungofuna mudziwe kuti si njira yokhayo yoimbira Mulungu.

Umboni wake uli kumpoto. Donald Fraser, amene anafika mu 1896 natumikira pakati pa Angoni ku Ekwendeni, ku Hora ndi ku Loudon (Embangweni), anachita zosiyana ndi anzake ambiri. Analimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawo pa maimbidwe a ingoma ndi a miyambo ina ya makolo, ndipo pa misonkhano ikuluikulu ya pachaka magulu ankabwera ndi nyimbo zatsopano. Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula ndi ena mwa apeki amenewo, ndipo nyimbo za mtundu umenewu zinalowa m'buku la Sumu za Ukristu. Mpingo wake unali womwewo wa Chipresibeteriya, chiphunzitso chomwecho. Chimene chinasiyana n'chakuti mtsogoleri anakhulupirira kuti anthu ali ndi kanthu koti abweretse.

Mipingo ya Ziyoni ndi ina yoyambitsidwa ndi Aafrika sinadikire chilolezo cha wina. Ng'oma ndi kuvina mozungulira zinali m'kati kuyambira pachiyambi. Akatolika, msonkhano wa ku Vatican utatha, analowetsa ng'oma, visekese, kuomba m'manja ndi nthungululu pa Misa, ndipo asisitere a Poor Clares ku Lilongwe anatchuka chifukwa cha mapemphero oimbidwa ndi kuvinidwa mwa Chimalawi. Ku Mua, bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, kumene zosema ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao zinapeza malo m'moyo wa mpingo. M'zaka za m'ma 1970 mumzinda wa Blantyre munabuka alaliki achinyamata obadwanso mwatsopano, olalikira m'misika, m'mabasi ndi m'mapiri. Kenako kunabwera mafeloshipu ndi mapemphero ochezera usiku wonse. Achinyamata ena anaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo chifukwa chopita ku feloshipu, ena anadulidwa, ena anatuluka n'kukayambitsa mipingo yawo. Lero matchalitchi ambiri amene ankaletsa makolasi ali ndi magulu otsogolera matamando ndi kiyibodi. Ndimadzifunsa kuti ndi anthu angati amene akanakhalabe m'mipingo yawo akuluakulu akanakhala nawo pansi msanga n'kutsegula 1 Akorinto 14 limodzi.

Kumene ufulu ukufera lero

Njira yoyamba ndi yodziwika, sinditayapo nthawi. Anthu atatu omwewo ndiwo amawerenga, kupemphera, kulengeza ndi kulalikira chaka chonse. Kwaya ya achinyamata imaikidwa kumapeto nthawi itatha. Wofunsa funso ndi wamwano.

Njira yachiwiri ndi yobisika, ndiye muimvetsetse. Mpingo ungathe kukhala waphokoso kwambiri koma uli ndi pakamwa pamodzi pokha. Anthu onse akufuula, akudumpha, akugwa, koma mawu amene amawerengedwa ngati mawu ndi a munthu mmodzi wogwira maikolofoni kwa maola anayi. Ulosi wake palibe wouyesa, ndipo woyerekeza kufunsa amaopsezedwa kuti kukayikira wodzozedwa n'kudziitanira tsoka. Paulo anati otsalawo ayese; apa otsalawo angouzidwa kuti alandire. Kumeneku si kumasuka kwa mpingo, ndi kumasuka kwa munthu mmodzi.

Pali kukakamiza kwina kumene kumavala nkhope ya ufulu. Aliyense afuule, aliyense avine, aliyense alankhule malilime tsopano lino. Munthu wofatsa, kapena amene wabwera ndi chisoni cha maliro a mwana wake, amayesedwa wouma mumzimu chifukwa sakudumpha. Kumbukirani Hana. Munthu amene saloledwa kukhala chete ndi womangika chimodzimodzi ndi amene saloledwa kuvina. Paulo yemweyo mu 1 Akorinto 12 anaphunzitsa kuti si onse amene amalandira mphatso imodzimodzi.

Zida nazo zikhoza kulanda anthu mawu. Zokuzira mawu zikakwezedwa mopitirira, anthu mazana atatu samvanso kuimba kwawo, ndipo pang'onopang'ono amasiya kuimba n'kumangoonerera oimba asanu a kutsogolo. Tabwerera ku Misa ya Chilatini podzera pa khomo lina. Chimodzimodzinso chilankhulo: mlaliki wa m'tauni amene amathira Chingerezi pa mawu aliwonse ofunika, agogo ali pomwepo ndipo womasulira palibe, waphwanya muyeso wa Amen uja. Ndipo m'matchalitchi angati muli womasulira m'chilankhulo chamanja? Munthu wosamva ali ndi umboni wake, koma ife sitinamupatse njira youperekera.

Palinso ndalama ndi ndale. Yakobo 2 amadzudzula mpingo umene umapatsa wovala bwino mpando wapamwamba, wosauka n'kumuimika kumbuyo. Masiku ano mpando wapamwamba ndi maikolofoni. Nthawi ya kampeni ikayandikira, kapena pa tsiku la Pepa Sande, wandale wobwera ndi envulopu amapatsidwa mphindi makumi awiri, pamene mayi amene wapemphera m'tchalitchimo zaka makumi atatu sanaitanidwepo kuti atseke ndi pemphero. Kalata ya 1992 inali mpingo kulankhula kwa olamula m'malo mwa anthu opanda mawu. Kubwereketsa guwa kwa wofuna mavoti ndi chinthu china, ndipo ine ndimachikana.

Malire amene sitingawadumphe

Popeza ndalimbikira za ufulu, ndiyeneranso kukuuzani mosapsatira mawu amene mtsogoleri ayenera kuwadula pakati, ngakhale wolankhulayo atati achokera kumwamba.

Oyamba ndi ulosi woloza munthu ufiti. Mneneri akanena pagulu kuti amene akukulodzani ndi agogo anu kapena apongozi anu, mawuwo sathera m'tchalitchi. Amapita kumudzi, ndipo okalamba amenyedwapo, kuthamangitsidwa ndi kuphedwa kumene chifukwa cha zinenezo zotere. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito m'Malawi, limati kunenera munthu ufiti ndi mlandu. Guwa silisandutsa mlandu kukhala utumiki. Achiwiri ndi kuuza odwala kuti ataye mankhwala, kaya ma ARV, a shuga kapena a BP, poti achira mwa chikhulupiriro. Mupempherereni wodwala ndi mtima wonse, koma wonena zosiya mankhwala akhale wa kuchipatala atamuyeza. Achitatu ndi umboni woulula za eni. Munthu ali ndi ufulu wonena zimene Mulungu wamuchitira iyeyo. Alibe ufulu wotchula matenda a mkazi wake, ngongole ya mnansi wake kapena dzina la amene anachimwa naye. Ndipo pali kulalikirana: mkulu wa mpingo wayambana ndi mnzake Lachitatu, Lamulungu n'kusankha ndime yomubaya nayo, kapena kwaya kupeka nyimbo yazining'a aliyense akudziwa mwini wake. Mateyu 18 anapereka njira: pitani kwa mnzanuyo muli awiri, zikakanika tengani mboni, kenako mpingo. Wokhala pa benchi sangayankhe wa pa guwa, ndiye kumenya munthu kuchokera pamenepo ndi nkhanza.

Mwaona kuti malire onsewa akuteteza munthu amene sangadziteteze pa nthawiyo. Palibe ndi amodzi omwe amene akunena za ng'oma, kiyibodi, kukweza manja kapena kugwada. Zimenezo mpingo uliwonse ugwirizane mwa iwo wokha, molemekeza okalamba ndi achinyamata omwe, ndipo zikhoza kusintha monga zasinthira kale kambirimbiri.

Inu amene mudzatsogolere mapemphero, njira zotsegulira danga si zovuta. Ikani nthawi ya maumboni ndipo nenani kutalika kwake poyambirira, kuti olankhula akhale ambiri. Wofuna kupereka umboni kapena ulosi ayambe wauza mkulu wa mpingo kapena katekisiti. Cholinga chikhale kuteteza anthu amene angatchulidwe, osati kusefa zimene atsogoleri safuna kumva. Sinthanani owerenga ndi opemphera, mufike kwa amayi, achinyamata ndi olumala. Siyani kamphindi kachete pambuyo pa ulaliki. Mafunso ndi zodandaula zipatsidwe malo ake ku mlaga, ku mphakati kapena ku msonkhano wa mpingo, kumene munthu angatsutse abusa mwaulemu osaopa kudulidwa, pakuti anthu akasowa polankhulira m'kati amakalankhulira pa Facebook kapena amangochoka mwakachetechete.

Ntchito yokachita ndi iyi. Lamulungu likubwerali mupite ku tchalitchi kwanu ndi kope. Mulembe aliyense amene walankhula, kupemphera kapena kuyambitsa nyimbo payekha, ngati ndi bambo, mayi kapena wachinyamata, ndi mphindi zimene watenga, maina musalembe. Kenako muwerenge 1 Akorinto 14:26-40 ndi 1 Atesalonika 5:19-21, ndipo muyankhe m'ndime ziwiri: mwa miyeso ya Paulo, ndi uti umene mpingo wanu ukuusunga bwino, nanga ndi uti umene wautaya? A mipingo yachete musalembe za a Pentekoste, a Pentekoste musalembe za mipingo yachete. Aliyense alembe za kwawo, ndipo mubwere nazo sabata yamawa.